Abwana akuti nditseke ma app onse mu Teams. Nditani?

FUNSO

Ndimagwira ntchito ya mu ofesi ku bungwe lina lomwe si la boma kuno ku Mangochi. Tilipo 45. Ambiri tili pa boma, ena ali ku Monkey Bay, ku Namwera ndi ku Makanjira. Timagwiritsa ntchito Microsoft Teams, ndipo popeza tilibe munthu wa IT, pasiwedi ya admin ili ndi ine. Anzanga akumangoika ma app osiyanasiyana mu Teams. Sabata yatha tili pa msonkhano wokambirana za malipiro panalowa kaloboti kolemba zokambirana komwe palibe anakaitana, ndipo titamaliza kanatumiza zonse kwa anthu, ngakhale omwe sanabwere ku msonkhanowo. Abwana akwiya, akuti nditseke ma app onse. Akufunanso kuti app yovomerezera ndalama izioneka kwa a ku accounts ndi mabwana okha. Ndiyambire pati?

Mayi wa pa boma, Mangochi

YANKHO

Zikomo mayi chifukwa cholemba. Zonse ziwiri zomwe abwana akufuna n'zotheka, ndipo zambiri mwa izo sizifuna kuti mugule china chilichonse. Koma mukangochita momwe anenera, mudzatseka ma app onse, anzanu adzadandaula, ndipo Lolemba lotsatira kaloboti kaja kadzalowanso pa msonkhano ngati palibe chomwe chachitika. Timaloboti timeneti kawirikawiri sitidzera pa ndandanda wa ma app a mu Teams. Tiyambe ndi iko, popeza ndi komwe kautsa mkwiyo.

Zimayenda motere. Mnzanu wina, mwina wotopa ndi kulemba ma minitsi, anapeza pa intaneti kampani yolonjeza kumulembera zonse zoyankhulidwa pa msonkhano. Polembetsa anadina pomwe palembedwa Sign in with Microsoft, n'kulowa ndi akaunti ya kuntchito. Panatuluka kabokosi kopempha chilolezo chowerenga kalendala yake, iye n'kudina Accept osawerenga, monga ambiri amachitira. Kuchokera tsiku limenelo kampaniyo imaona msonkhano uliwonse womwe munthuyo waitanidwa, linki yolowera, ndi maimelo a oitanidwa onse. Nthawi ikakwana kaloboti kamatenga linki ija n'kubwera ngati mlendo wochokera kunja kwa bungwe. Wina amakalowetsa poyesa ndi munthu, kapena kamalowa kokha ngati makonzedwe anu amalola aliyense kulowa osadikira. Msonkhano ukatha kamatumiza zolembazo kwa onse omwe ali pa kalendala, obwera ndi osabwera omwe. Nthawi zina mwini akauntiyo sakhalapo n'komwe pa msonkhanowo, ndipo sadziwa kuti ndi iye wabweretsa mlendo.

Chilolezo chimenecho sichisungidwa mu Teams. Chimakhala ku Microsoft Entra ID, komwe kuli maakaunti onse a bungwe lanu. Mpaka 2023 malowa ankatchedwa Azure Active Directory, choncho malangizo akale okamba za Azure AD akunena za komweku. Lowani pa entra.microsoft.com ndi akaunti ya admin, pitani pa Enterprise applications, muwerenge ndandanda wonse mofatsa. Musadabwe mukapezapo mapulogalamu omwe palibe akuwakumbukira: osinthira PDF, opangira ma poster, osainira zikalata. Mukatsegula iliyonse, pa Permissions pamaoneka zomwe inaloledwa kuwerenga ndi munthu yemwe anailola. Mukapeza ya kaloboti, pitani pa Properties, ndipo pomwe palembedwa Enabled for users to sign-in sankhani No. Ine ndimakonda kuzimitsa chonchi kusiyana ndi kufufuta. Yofufutidwa munthu atha kuibweretsanso mawa podina Accept kachiwiri, pomwe yozimitsidwa imakhalabe pa ndandanda, yotseka kwa aliyense. Musavutikenso n'kusinthitsa anthu mapasiwedi poganiza kuti zithandiza. Pulogalamu yotereyi siilowa ndi pasiwedi ya munthu. Inapatsidwa chiphaso chakechake tsiku lomwe anadina Accept lija, ndipo kusintha pasiwedi sikuchotsa chilolezocho. Akuba a pa intaneti amaidziwa bwino njira imeneyi: m'malo mopempha pasiwedi amangotumiza linki ya pulogalamu yooneka yabwinobwino yopempha kuwerenga maimelo anu onse.

Dzina la mnzanuyo mudzaliona pamenepo. Lankhulani naye panokha musanapite nalo kwa abwana, chifukwa mukumufuna. Zolemba za msonkhano wa malipiro zikadali kwa kampani ija, ndipo ndi iye yekha yemwe angalowe mu akaunti yake ya kumeneko, n'kuona misonkhano ina yomwe kanalemba, kufufuta zonse ndi kutseka akauntiyo.

Kuti zisachitikenso, mukadali pa Enterprise applications pitani pa Consent and permissions, kenako User consent settings, musankhe Do not allow user consent. Kuyambira pamenepo wogwira ntchito sangathenso kupereka yekha chilolezo kwa pulogalamu yakunja. Pafupi pomwepo pali Admin consent settings. Yatsani, ndipo dziikeni nokha ngati wolandira zopempha. Mukatero munthu akafuna pulogalamu inayake amapatsidwa kabokosi kolembamo chifukwa chake, pempholo limafika kwa inu, inu n'kuona zomwe pulogalamuyo ikufuna kuwerenga musanavomere kapena kukana. Dziwani kuti kusinthaku kumangoletsa zilolezo zatsopano. Zakale zimakhalabe, n'chifukwa chake ndati muyambe mwawerenga ndandanda uja.

Kenako konzani polowera misonkhano. Pa admin.teams.microsoft.com pitani pa Meetings, Meeting policies, mupeze Who can bypass the lobby, musankhe People in my org. Aliyense wakunja azidikira kaye mpaka wina amulowetse. Pali batani lina loletseratu anthu opanda akaunti kulowa pa msonkhano, koma kwa bungwe ngati lanu sindingalangize kuligwiritsa ntchito. Mumachita misonkhano ndi a ku khonsolo, a zaumoyo, a zausodzi, mabungwe anzanu, ndipo ambiri a iwo amangodina linki pa foni opanda akaunti ya Microsoft. Mukawatsekera, msonkhano udzasamukira pa Zoom ya munthu wina kapena pa WhatsApp. Chofunika n'chizolowezi choti wotsogolera msonkhano aziwerenga dzina asanalowetse munthu, ndipo dzina lokhala ndi mawu ngati Notetaker kapena AI alikane, chifukwa timaloboti tina timabwera ndi alendo, omwe inu mulibe nawo ulamuliro. Pa misonkhano ya malipiro ndi yokambirana milandu ya ogwira ntchito, woitanitsa alowe pa Meeting options n'kusankha kuti aliyense azidikira kupatula iye ndi omuthandiza.

Tsopano ma app a mu Teams enieniwo. Pa admin.teams.microsoft.com pomwepo, pitani pa Teams apps, Manage apps. Ma app onse agawidwa patatu: opangidwa ndi Microsoft, monga Approvals, Forms, Planner, Shifts ndi OneNote, opangidwa ndi makampani ena, omwe ndi mazanamazana, ndi omwe bungwe limadzipangira lokha kapena munthu amachita kukweza kuchokera pa kompyuta yake. Pa Org-wide app settings pali mabatani a magulu atatuwa. Maganizo anga ndi akuti a Microsoft muwasiye otsegula, a makampani ena mutseke onse kenako muzitsegula imodziimodzi, ndipo okweza munthu yekha mutsekeretu chifukwa palibe pa ofesi panu yemwe amapanga ma app. Ndondomeko yoti zonse ndi zotseka kupatula zomwe mwalola ndi yomwe munthu mmodzi wokhala ndi ntchito zinanso angaikwanitse. Ina ija, yotseka zoipa zokha n'kusiya zina zonse, imafuna kuti muzilondalonda ma app atsopano omwe amatuluka mwezi uliwonse, ndipo simungapambane.

Musanatseke, onani kaye zomwe anthu akugwiritsa ntchito. Pa Analytics & reports pali lipoti la kagwiritsidwe ntchito ka ma app. Mwina mudzapeza kuti a M&E (olondoloza ndi kuunika mapulojekiti) amadalira app inayake potumiza malipoti kwa opereka thandizo, ndipo mukaitseka mwadzidzidzi kumapeto kwa kotala, mlandu wa lipoti lochedwa udzakhala wanu. Lembani omwe ali ofunikadi pa ntchito, muwatsegule, kenako mutseke otsalawo. App yotsekedwa imaonekabe mu sitolo ya ma app ya mu Teams ili ndi kachizindikiro ka loko, ndipo munthu atha kudina kupempha kuti muitsegule. Auzeni anzanu za njira imeneyi, ndipo muziyankha msanga, ngakhale yankho likhale ayi.

Kupereka app kwa anthu ena okha kumadalira zomwe mukuona pa kompyuta yanu, chifukwa m'zaka za 2024 ndi 2025 Microsoft yakhala ikusamutsa mabungwe kuchoka ku njira yakale kupita ku yatsopano yotchedwa app centric management. Mu yatsopanoyi mumatsegula app yomwe mukufuna, kupita pa Users and groups, n'kusankha chimodzi mwa zitatu: Everyone, Specific users or groups, kapena No one. Yakale inali ya Permission policies, momwe mumapanga policy yokhala ndi ndandanda wa ma app ololedwa n'kumaipereka kwa anthu. Inali yotopetsa, chifukwa munthu amakhala ndi policy imodzi yokha nthawi imodzi, ndiye wa ku accounts yemwe alinso mu komiti yogula katundu amafuna policy yakeyake. Mukapeza malangizo pa intaneti okamba za Permission policies koma inu simukuziona, si kuti mwasochera. Bungwe lanu linasamutsidwa kale.

Apa ndikupempheni chinthu chimodzi: musamalembe mayina a anthu pa app iliyonse. Pangani magulu. Pa admin.microsoft.com, pansi pa Teams & groups, pangani security group ya Accounts, ya mabwana, ya ogwira ntchito kumudzi, ya ma intern, kenako muzipereka ma app kwa maguluwo. Mumadziwa nokha momwe anthu amasinthira m'mabungwe athu. Pulojekiti ikatha ena amapita, ina ikayamba ena amabwera, wa ku Namwera amasamutsidwira pa boma kukathandiza ku accounts miyezi itatu. Ndi magulu mumangochotsa munthu uku n'kumuika uko, zonse n'kutsatira zokha. Ndi mayina muyenera kukumbukira malo aliwonse omwe munamulemba, ndipo malo omwe mudzaiwale ndi omwe adzakhale ndi zinthu zachinsinsi.

Za app yovomerezera ndalama, ndikuganiza kuti abwana afunsa chinthu chomwe sakuchifunadi. Ngati mukunena Approvals ya Microsoft, app imeneyi ili ndi mbali ziwiri, wopempha ndi wovomereza, ndipo onse awiri ayenera kukhala nayo. Mukaipereka kwa a ku accounts ndi mabwana okha, mlangizi wa ku Makanjira adzapempha bwanji ndalama ya mafuta a njinga yamoto? Adzabwerera ku pepala lomwe limadikira galimoto yopita pa boma, kapena adzajambula fomu n'kutumiza pa WhatsApp. Chomwe abwana akuopa n'chakuti wina asaone zopempha za anzake komanso asadzivomereze yekha ndalama. Choyambacho app imachita kale: pempho lomwe latumizidwa kudzera mu app limaoneka kwa wopempha ndi kwa omwe awasankha kuti avomereze, pokhapokha munthu ataliika mu channel kapena mu chat ya anthu ambiri. Chachiwiricho ndi chomwe muyenera kukonza. Pa pempho wamba wopempha amasankha yekha womuvomereza, ndiye atha kusankha mnzake wapamtima. Pangani ma template mu Approvals, a mafuta, a alawansi, a kugula katundu, aliyense wokhala ndi ovomereza oikidwiratu motsatana, ndipo a ku accounts agwirizane kuti salipira chilichonse chomwe sichinadzere pa template. Pamenepo mwathetsa nkhawa ya abwana popanda kumana aliyense app.

Ngati m'malo mwake mukunena pulogalamu yowerengetsera ndalama ya kampani ina yomwe inalumikizidwa ku Teams, imeneyo iperekenidi kwa gulu la Accounts lokha. Koma musalekere pomwepo. Bwererani ku Entra, mutsegule pulogalamuyo pa Enterprise applications, pa Properties muyatse Assignment required, kenako mulembe oyenera kulowa. Kulemba gulu pamalo amenewa kumafuna laisensi ya Entra ID P1, choncho ngati mulibe, apa pokha mudzalemba mayina. Ndi anthu atatu kapena anayi, si vuto. Muyang'anenso mkati mwa pulogalamu yeniyeniyo, chifukwa yambiri ili ndi maudindo akeake osonyeza yemwe angaone ndi yemwe angasinthe.

Chifukwa chomwe ndikuumirira pa izi ndi chomwe anthu ambiri atsopano pa ntchito ya admin sachidziwa. Kutseka app mu Teams kuli ngati kupachika katani pakhomo la sitolo: wodutsa saona za mkati, koma wodziwa amangokankha n'kulowa. Teams payokha siisunga zambiri. Fayilo yoikidwa mu channel imakhala ku SharePoint, malo a Microsoft osungira mafayilo a bungwe. Yotumizidwa mu chat imakhala ku OneDrive ya wotumizayo. Kalendala ili ku Exchange. Mukatseka Forms kapena Planner mu Teams, munthu amangotsegula Chrome, kulowa ndi akaunti yomweyo, n'kuzipeza zili bwinobwino. Kuti munthu asakhale nazo n'komwe, mumapita pa admin.microsoft.com, Users, Active users, kusankha munthuyo, Licenses and apps, n'kuchotsa kachongi pa pulogalamuyo. Samalani kuti musachotse SharePoint kapena Exchange, chifukwa mafayilo ndi kalendala ya mu Teams zidzasiya kugwira ntchito kwa iye.

Ndiye funso lomwe ndikanakonda kuti mudzifunse lero, musanakhudze ndi app imodzi yomwe, ndi ili: Excel ya malipiro ili pati? Ngati ili mu channel ya General ya team ya ogwira ntchito onse, ndiye anthu onse 45 atha kuitsegula, ngakhale mutatseka ma app onse mpaka wotsiriza. Sachita kuifunafuna. Amangolemba mawu oti salary pofufuzira, iyo n'kutuluka yokha. Bungwe likadzagula Copilot, AI ya Microsoft, nayo idzayankha mafunso pogwiritsa ntchito fayilo iliyonse yomwe wofunsayo ali ndi chilolezo choiona, kaya ankadziwa kuti ilipo kaya ayi. Chomwe chimateteza fayilo ndi ndandanda wa mamembala a malo omwe ili.

Choncho pangani team ya Accounts payokha, ikhale Private osati Public, chifukwa ya Public aliyense wa m'bungwe atha kulowamo yekha osapempha. Njira ina ndi private channel mkati mwa team yaikulu. Imakhala ndi malo akeake ku SharePoint, ndipo ngakhale mwini team saona za mkati ngati sanaikidwemo. Ine ndimasankha team yapadera pa nkhani za ndalama ndi za ogwira ntchito, chifukwa n'zosavuta kuona mamembala ake, komanso munthu sasokonekera n'kuika fayilo mu channel yoyandikana nayo. Mukasamutsa fayilo, yang'anani mu Recycle bin ya malo akalewo. SharePoint imasunga zofufutidwa masiku 93, ndipo membala wokhala ndi ufulu wosintha mafayilo atha kuzibweza. Fufutaninso mmenemo. Kenako pitani ku SharePoint admin center, Policies, Sharing, muchotse mwayi wa linki za Anyone, zomwe aliyense wozilandira amatsegula popanda akaunti, ndipo musinthe kuti linki yomwe imatuluka yokha munthu akadina Share ikhale ya anthu osankhidwa okha. Linki ya Anyone ikangoponyedwa mu gulu la WhatsApp, yapita.

Palinso Setup policies, pansi pa Teams apps pomwepo. Anthu amazisokoneza ndi zotsekera, koma ntchito yake yaikulu ndi kusankha ma app omwe amaoneka m'mbali mwa Teams pa kompyuta ndi m'munsi pa foni. Kuchotsa app pamenepo sikuitseka. Phindu lake lili kwa anzanu a kumudzi. Munthu ali ku Nankumba ndi foni yaing'ono, netiweki ikubwera n'kumapita, safuna kusakasaka. Mpangireni policy yokhala ndi Chat, Teams, Calendar ndi Approvals basi, muipereke ku gulu lawo. Pomwepo palinso batani la Upload custom apps, lomwe liyenera kukhala lozimitsa. Eni ma team nawonso ali ndi kambali kawo: pa Manage team, Settings, Member permissions, atha kuletsa mamembala kuika ndi kuchotsa ma app mu team yawo. Pa team ya ogwira ntchito onse chitani zimenezo.

Kwa abwana mukanene mosabisa chifukwa chomwe simukutsekera zonse. Anthu akatsekeredwa chida sasiya ntchito, amangoipititsa kwina. Kwathu kuno kwinako ndi WhatsApp ndi Gmail ya munthu. Ndandanda wa olandira thandizo, wokhala ndi mayina, midzi, manambala a ziphaso za unzika, nthawi zina ngakhale za matenda awo, umakathera pa foni ya munthu yomwe madzulo ana amaonera makanema, ndipo tsiku lomwe kontirakiti yake yatha amapita nawo kwawo. Pa admin.microsoft.com mutha kutseka akaunti ya wochoka ntchito pa mphindi imodzi pogwiritsa ntchito Block sign-in. Pa foni yake mulibe mphamvu iliyonse. Malawi tsopano ali ndi lamulo la Data Protection Act la 2024, lomwe MACRA ndiyo inapatsidwa udindo woliyang'anira, ndipo limaika udindo pa bungwe lomwe likusunga uthenga wokhudza anthu kuti liuteteze. Opereka thandizo ambiri amafunsanso zomwezo m'mapangano awo. Kwa ine bungwe lomwe latseka zonse mu Teams koma ntchito yeniyeni ikuyenda pa mafoni a anthu lili pangozi yoposa lomwe lasiya ma app khumi odziwika bwino otsegula.

Poganiza zoti mulole app ya kampani ina kapena ayi, tsegulani tsamba lake pa Manage apps muwerenge Permissions. Yofuna kungotumiza uthenga kwa woigwiritsa ntchito ndi nkhani ina. Yofuna kuwerenga mauthenga onse a mu channel, kapena mafayilo onse omwe munthu angathe kuwaona, iyenera kukhala ndi chifukwa chomveka, ndipo ngati ntchito yake ndi kungovotetsa anthu tsiku la phwando la Khirisimasi, ikaneni. Forms imachita zomwezo. Onaninso ngati ili ndi chizindikiro cha Microsoft 365 Certified, chomwe chimasonyeza kuti inaunikidwa pa zachitetezo. Cha Publisher attested ndi chochepa mphamvu, chifukwa ndi kampani yomwe ikudzinenera yokha.

Zonse zomwe ndafotokozazi, kupatula kulemba magulu pa Assignment required, zimatheka ndi laisensi ya Microsoft 365 Business Basic. Mudzawerenga za Conditional Access, yomwe imatha kunena kuti pulogalamu yakuti izitsegulidwa pa laputopu ya ofesi yokha. Imeneyo imafuna Entra ID P1, yomwe imabwera ndi Business Premium. Mu 2025 Microsoft inasiya kupereka mwaulere ma laisensi 10 a Business Premium omwe inkapereka kwa mabungwe othandiza anthu, n'kusiya Business Basic yaulere kwa anthu osapitirira 300, choncho onani pa Billing zomwe muli nazo musanalonjeze abwana. Ngati ndalama ilipo pang'ono, gulirani Premium a ku accounts ndi mabwana okha. Laisensi zosiyana zimatha kukhala m'bungwe limodzi.

Kwa owerenga omwe ofesi zawo zili pa Google Workspace, nkhani ndi yomweyi, mayina okha ndi osiyana. Pa admin.google.com mapulogalamu a Google amayatsidwa ndi kuzimitsidwa potengera organizational unit kapena gulu, a makampani ena ali pa Marketplace apps, ndipo zilolezo za Sign in with Google zili pa Security, API controls.

Mukasintha chinthu musayembekezere kuchiona nthawi yomweyo. Kusintha kwa ma app ndi ma policy mu Teams kumatenga maola angapo, nthawi zina mpaka 24, ndipo pa foni munthu angafunike kutuluka mu akaunti n'kulowanso. Ambiri amaganiza kuti zakanika, amasintha china, kenako china, ndipo mawa lake zonse zikayamba kugwira ntchito pamodzi sadziwanso chomwe chatseka chiyani. Sinthani chimodzi, lembani m'kabuku tsiku ndi chomwe mwasintha, dikirani. Musayesere pa akaunti yanu. Pemphani intern mmodzi ndi mlangizi mmodzi wa kumudzi ayesere pa zawo, mu Teams ndi mu Chrome momwe. Musachite izi Lachisanu masana kapena sabata ya malipiro.

Mwati pasiwedi ya admin ili ndi inu. Ngati akaunti imeneyo ndi yomweyo yomwe mumawerengera maimelo tsiku ndi tsiku, pangani ina ya admin yokha, yopanda imelo, yolowera pokhapokha mukafuna kusintha zinthu. Linki yoipa imodzi yodinidwa pa akaunti ya Global Administrator, admin wokhala ndi mphamvu zonse, imapereka bungwe lonse. Microsoft yomwe imalangiza kuti ma Global Administrator asafike 5, komanso kuti pakhale maakaunti apadera olowera pa nthawi ya ngozi. Kwa inu izi zikutanthauza kuti pakhale munthu wachiwiri, mwina wamkulu wa zachuma, wokhala ndi akaunti yakeyake ya admin, osati kugawana pasiwedi imodzi. Nonse muike Microsoft Authenticator, app yopereka manambala otsimikizira polowa mu akaunti, pa foni m'malo modalira SMS, chifukwa manambala ake osinthasintha aja amatuluka ngakhale pomwe Airtel kapena TNM sikugwira, ndipo sadalira SIM yomwe ingathe kutayika kapena kubedwa. Foni yanu ikagwera m'nyanja pa ulendo wa ku Cape Maclear inu muli admin nokha, kubwezeretsa ulamuliro kudzera kwa Microsoft kumafuna kutsimikizira kuti bungwelo ndi lanudi, ndipo nthawi yonseyo simungatsegule akaunti ya wantchito watsopano kapena kutseka ya wochoka. Mukamapempha munthu wachiwiriyo, auzeninso abwana kuti admin aliyense atha kudzipatsa yekha chilolezo cholowa mu team ya Accounts ija, kuti asankhe akudziwa zimenezo, ndipo kuti zochita za ma admin zimalembedwa mu Audit log momwe iwo angapemphe kuona miyezi itatu iliyonse.